Chiswe Kuseri kwa Maluwa a Dona

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe mbiri yanga. Ndalemba, koma za ubwana wanga musaziyembekezere. Ndinkadyetsa mbuzi ngati mwana wina aliyense, basi. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti sukulu ndinalekera Sitandade Faivi, ndipo sichinali chifukwa cha umbuli. Atsibweni anga anangodzuka tsiku lina n'kunena kuti kuwerenga kwakwana, fodya akufuna manja. Mwana wawo anapitiriza, chonsecho masamu ake ndinkamulembera ndine. Musandiuze kuti ndikhululuke. Ndinayesa kale, sizinatheke.

1956, miyezi yozizira

Ndinathawa kumudzi kupita ku Lilongwe ndi malaya amodzi oyera, mtima uli pa ukalaliki. Lilongwe wa nthawi imeneyo musamuyerekeze ndi wa lero. Kumene mukuti City Centre kunali tchire ndi minda ya anthu. Tauni inali mizere ya masitolo a amwenye kumene lero mukuti Area 2, kenaka mlatho, ndipo tsidya lina kunali maofesi ndi nyumba za azungu m'mithunzi ya mitengo. Inali nyengo ya Chitaganya, mipando yabwino inkadzaza ndi azungu ochokera ku Halale. Ofesi iliyonse imene ndinagogoda inandifunsa setifiketi imene ndinalibe. Patatha sabata zitatu malaya aja sanalinso oyera, ndipo ndinalowa m'sitolo ya a Kasamu, mmwenye wogulitsa misomali ndi penti, amene ankatenganso ntchito yopaka nyumba za azungu banja lina likachoka, lina lisanalowe. Anandiyang'ana manja, osati nkhope.

"Umadziwa kupenta?"

"Ndimadziwa kulemba ndi kuwerenga Chingerezi."

"Khoma silimva Chingerezi. Pita kuseri, ukaonane ndi kapitawo."

Kapitawoyo anali a Zakeyo, munthu wamfupi wa cha ku Mitundu, mkulu wa mpingo, wochita chilichonse pang'onopang'ono mpaka kukupsetsa mtima. Atamva za sukulu yanga anandipatsa dzina lakuti Sitandade, ndipo dzina langa lenileni sanalitchuleponso. Ntchito yathu inali yosowa zonse. Penti ankabwera pa sitima mpaka ku Salima, n'kudikira lole, ndipo akachedwa tinkangopaka laimu. Maburashi enieni analipo awiri, imodzi ya a Zakeyo, ina yotsekeredwa m'kabati ya a Kasamu. Enafe tinkasinja khonje n'kumanga pakamtengo. Zopalira khoma zinali chikwanje chakale chimene a Zakeyo anachidula patatu. Chaka chonse ndinasakaniza laimu, maso akuyabwa, ndikudziuza kuti ndikungodutsa.

1957, Novembala, mvula ili pafupi

Lolemba lina anatitumiza awiri, ine ndi a Zakeyo, ku nyumba ina ya tsidya, cha kumene lero mukuti Area 3. Banja lakale linali litabwerera kwawo. Bwana watsopano, mkazi wake ndi khanda lawo ankagona ku hotela, kudikira kuti alowe Loweruka. Dona, mkazi wa bwanayo, anabwera m'mawa womwewo, anazungulira zipinda akuloza ndi ambulera, ndipo m'chipinda chogona analoza pamwamba, n'kukwinya mphuno, n'kulozanso pansi pakona pamene padzakhale kabedi ka mwana. Atapita ndinakweza maso, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Pansi pa siling'i penipeni panali mzere wa maluwa ofiira ndi masamba obiriwira, kukula kwake ngati chikhatho ndi theka, wozungulira chipinda chonse ngati lamba. Ndinaganiza kuti munthu anajambula ndi burashi. Koma ndi munthu wotani angajambule duwa limodzi kambirimbiri osaphonya ngakhale tsamba? Ndinakwera makwerero n'kuyamba kufananiza. Duwa lachisanu lililonse linali ndi kadontho pamalo amodzimodzi. Kenaka chala changa chinagunda polumikiza, ndipo ndinazindikira kuti ndi pepala.

"A kapitawo, anthu awa amamata pepala pakhoma? Chifukwa chiyani?"

"Ukawafunse m'Chingerezi chakocho, Sitandade. Ine andiuza kuti lichoke pofika Loweruka."

Amene anandiyankha anali Che Jafali, khukhi wa panyumbapo, Myao wa imvi amene anaphikira mabanja atatu m'nyumba yomweyo ndipo ankayembekeza kuti lachinayi limusunga. Anaima pakhomo akupukuta mbale. Anati dona wakale uja anabwera nalo pepalalo m'bokosi kuchokera kwawo, litakulungidwa ngati bandeji, chifukwa makoma oyera ankamukumbutsa chipatala ndipo ankalira masana. "Phala lomatira ndinaphika ndine," anatero akudziguguda pachifuwa. "Ufa wa tirigu ndi madzi, monga anandiuzira. Koma ine ndinaona kuti n'lopepuka, ndiye ndinathiramo shuga, mwa nzeru zanga, kuti ligwire bwino. Taona, zaka zinayi silinagwe!"

Ine kudikira sindinkakudziwa. A Zakeyo atapita kukaona chipinda china, ndinatsina pepala lija polumikiza n'kukoka mwamphamvu. Linang'ambika, ndipo linabwera ndi khungu la khoma, laimu ndi pulasitala womwe. Ndinaganiza kuti vuto ndi kuuma. Ndinatenga ndowa yodzaza, ndinakwera nayo, n'kukhuthulira pamaluwa paja. Madzi anatsika akusanduka ofiira, ndipo ndili pomwepo chigamba cha khoma chachikulu ngati lichero chinasungunuka n'kugwa pansi, phwata! Njerwa zinaonekera. A Zakeyo analowa, anayang'ana nthawi yaitali, ndipo sanakweze mawu.

"Umayesa ndi simenti? Khoma ili ndi dothi, ngati la amako kumudzi. Langovala malaya oyera, ngati iwe."

Anamata okha pamalopo, ndipo madzulo a tsikulo anandiphunzitsa ntchito imene yandidyetsa moyo wanga wonse, ndiye imvani bwino. Madzi akhale ofunda, a m'ketulo, muthiremo viniga pang'ono. Nsanza muifinye mpaka isadonthe. Muikanikize papepala kutalika kwa mkono umodzi, osapitirira. Kenaka mudikire. Wotchi tinalibe, choncho a Zakeyo anati ndizinena Malamulo Khumi kawiri, mosathamanga, ndipo phala lidzakhala litafewa koma dothi lisanamwe madzi. Pamenepo mulowetse chopalira polumikiza, chitagona, osati chitaima, ndipo dzanja lina lizikoka pepala chotsitsa. Likachoka, mutsuke phala lotsala, chifukwa penti wopaka paphala amasendeka mvula yoyamba. Ulendo woyamba linang'ambikanso.

"Wadumpha lamulo liti?" anafunsa osacheuka n'komwe.

"Lachinayi. N'lalitali."

"Bwerera, uyambire kwa Ine ndine Yehova."

Ndikuuzeni zoona, pofika Lachiwiri masana ntchitoyo inali itandigwira mtima. Pepala likafewa bwino limachoka ndi kamawu konga kupuma kwa munthu wagona, ndipo limatsika lathunthu, maluwa osang'ambika. Kuseri kwake ndinkapeza zinthu. Ndinapeza mzere wa pensulo umene dona wakale uja analemba kuti lamba wake awongoke, ndipo pena unakhota, n'kufufutidwa, n'kulembedwanso. Ndinapeza chidindo cha chala chake m'phala louma. Ndinkadzifunsa kuti mkazi ameneyu anaima pampando masiku angati, yekhayekha, akumata maluwa a kwawo pa dothi la kudambo la kwathu. Kwa nthawi yoyamba chichokere kusukulu ndinali ndi mafunso amene sanali akuti chifukwa chiyani ine.

Lachitatu ndinafika pakhoma lachitatu, pamwamba pa kona ya kabedi ka mwana. Ndisananyowetse n'komwe, pepala linangodzichokera lokha, lopepuka ngati khungu la anyezi. Ndinaliika kuwindo, ndipo dzuwa linadutsa m'timabowo tosawerengeka. Kuseri konse kunali kutadyedwa, kunangotsala utoto wa maluwa. Pakhoma panali timisewu ta dothi, tolunjika bwino, totsata mzere wa phala kuchokera pakona mpaka pakona. Chiswe. Poyamba sindinachite mantha, ndinangochita chidwi. Chachokera kuti? Ndinatsata mpaka ndinapeza mng'alu wopyapyala pakona, wotsikira pansi. Nanga phala litatha chinapita kuti? Ndinatsata chokwera. Pamwamba pa khoma pamagona thabwa lalikulu limene mitanda ya denga imakhalapo. Ndinagunditsa khutu. Mkati munkamveka ngati kamvula kowaza pa udzu wouma. Ndinakankha chopalira, ndipo chinalowa ngati m'papaya wakupsa. Ndinakwera m'siling'i pa kachitseko ka m'khonde la mkati, ndinagogoda mitanda umodziumodzi. Itatu ya pamwamba pa kona ija inali zikopa chabe. Denga linali la matailosi olemera, ndipo mvula inali itayamba kale kugunda cha kumadzulo.

Tinakambirana atatu kuseri kwa khitchini, dzuwa lili pamutu. Che Jafali atamva kuti chiswe chinatsata phala, anakhala pansi pa chitsa.

"Shuga uja," anatero. "Mwanangu, ukanena, akafunsa kuti anaphika ndani. Pa msinkhu wanga uno ndikapeza kuti khitchini ina?"

A Zakeyo anapalasa njinga kukauza a Kasamu, ndipo anabwera ndi yankho lalifupi. Ife anatituma kupenta, za denga si zathu, ndipo tikachedwa Loweruka nyumba zina zonse za mzerewo azungu apatsa wina. "Utseke mabowo ndi pate, upake penti," anatero a Zakeyo. Pate ndi phala lija lotsekera ming'alu ya matabwa, likauma ndi kupakidwa penti simungadziwe kuti panali bowo.

"Ndiye lamulo lija la umboni wonama, a kapitawo, tizilidumpha ponyowetsa pepala?"

"Palibe wakufunsa umboni. Tseka bowo, utsekenso pakamwa." Kenaka anawonjezera motsitsa. "Ukuganiza akamva adzati zikomo? Adzaona chigamba chija unagwetsa Lolemba, adzati anyamata a penti aononga nyumba ndi madzi. Woyamba kupita ndiwe. Ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, Sitandade. Iwe uli ndi malaya amodzi."

Sankanama, ndipo ndinkadziwa. Musaganize kuti bambo wanu anali woyera mtima. Azungu sindinkawakonda, ndipo ndinadziuza kuti khanda limenelo likadzakula lidzandiitana kuti boyi. Chimene ndinkaopa chinali chimodzi: kuchotsedwa ntchito, n'kubwerera kumudzi kukaweramira fodya wa atsibweni, mwana wawo akundidutsa ndi mabuku m'khwapa. Choncho Lachinayi ndinatseka. Ndinapala timisewu tonse, ndinadzaza pate m'thabwa, ndinapaka penti kawiri. Inali ntchito yokongola kuposa ina iliyonse imene ndinali nditagwirapo, ndipo zimenezo n'zimene zinandinyansa. Kachidutswa ka pepala lobooka lija sindinakataye, ndinakapinda n'kuika m'thumba.

Lachisanu masana dona anabwera kudzaona, atanyamula mwana m'dengu lalitali la zogwirira ziwiri. Anayang'ana makoma, anagwedeza mutu mokondwa, ndipo pofuna kuyeza mawindo anaika dengulo pansi, pakona pomwe paja. Ine ndinali pamakwerero ndikupukuta madontho a penti. Mwanayo anali maso, akuyang'ana kusiling'i, akupalasa miyendo. Kunja kunagunda bingu, ndipo kafumbi kochepa kanatsika kuchokera pamwamba n'kutera pa bulangete lake. Palibe anakaona koma ine. Sindinganene kuti chinandiyankhulitsa chinali chifundo chokha. Munalinso mkwiyo. Atsibweni anandiuza kuti ndikhale chete, akalaliki a m'maofesi anandiuza chimodzimodzi, ndipo tsopano ndinali nditapaka penti pa bodza ndi manja anga, n'kulisalaza bwino. Ndinasonkhanitsa Chingerezi changa chonse cha Sitandade Faivi.

"Dona, mwana asagone apa. Denga ladyedwa."

Anacheukira kwa a Zakeyo ngati kuti makwerero ndi amene ayankhula. A Zakeyo anayang'ana pansi. Ndinatsika, ndinatulutsa kapepala kaja, ndinakatambasula kuwindo kuti aone dzuwa likudutsa m'maluwa. Sanamvetse. Ndiye ndinakweranso, ndinakankha chala pa penti wanga watsopano, kudutsa pate, mpaka chinalowa chonse m'thabwa, ndipo ndinakoka. Chidutswa chinathyoka m'manja mwanga. Fumbi ndi chiswe choyera zinakhuthukira pansi pafupi ndi dengu. Dona sanakuwe. Anatola mwana, dengu analisiya pomwepo, ndipo anakaima pabwalo penipeni, kunja kwa khonde. Ali kumeneko anafunsa mokweza kuti chabweretsa tizilomboti n'chiyani. Che Jafali anali pakhomo ndi thireyi ya tiyi.

"Sindikudziwa, dona," ndinayankha. "Chiswe chimangobwera."

Limenelo linali bodza, ndipo sindinalapepo.

Loweruka banja lija silinalowe. Akalipentala anasasula denga mbali yonseyo, ndipo ndinamva kuti mtanda umodzi unathyoka pakati akuutsitsa. Ntchito inatha Khirisimasi itadutsa. Zonse zimene a Zakeyo ananena zinachitika. Bwana anaona chigamba cha Lolemba, anakalipira a Kasamu za madzi, ndipo nyumba zina za mzerewo zinapita kwa wina. A Kasamu anandiitanira pakhomo la sitolo, anthu akuona.

"Chingerezi chija chakupezera chiyani? Usadzapondenso pano."

Dona uja dzina langa sanafunse, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndikutuluka pa geti la kuseri, a Zakeyo ananditsatira. Ndinakonzeka kumva ulaliki. M'malo mwake anandipatsa chidutswa chija cha chikwanje, chitakulungidwa m'nsanza.

"Tenga. Wachinola ndiwe." Anayang'ana kumbali. "Lamulo lachinayi usamalidumphe."

1958 ndi zaka zotsatira

Kumudzi sindinabwerere, koma panatsala pang'ono. Miyezi iwiri ndinasenza matumba kumsika, ndikugona pakhonde la mnzanga. Tsiku lina m'mawa munthu anandikoka malaya pa mzere wa tomato. Anali Che Jafali, dengu lili m'manja. Banja latsopano linali litamusunga.

"Ndakhala ndikukufunafuna, mwanangu. Uli nacho chitsulo chako chija?"

Nkhani inali yakuti dona wakale uja si yekhayo amene anamata maluwa. Anagawira anzake pepala lotsala, ndipo Che Jafali anagawira akhukhi anzake kaphikidwe ka phala, shuga ndi zonse. Nyumba zingapo za tsidya zinali ndi malamba a maluwa, ndipo chimvereni za denga lija madona onse ankagona akuyang'ana kumwamba. Akhukhiwo ankakumana kumsika m'mawa uliwonse, ndipo anagwirizana zouza madona awo kuti kuli mnyamata wina amene amachotsa pepala osavulaza khoma, amadziwa kumvera chiswe, ndiponso safunsa kuti phala anaphika ndani. Ganyu wanga woyamba ndinamupeza sabata yomweyo. Nyumba ziwiri ndinapezamo chiswe, zina munalibe, ndipo paliponse ndinanena zimene ndapeza. Ndinagula njinga, kenaka makwerero anga. Sindinalembedwenso ntchito ndi munthu. Likulu litasamukira kuno ndinamata ndi kuchotsa mapepala m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43 ndi m'maofesi a ku City Centre, kwa mabwana akuda amene ena mwa iwo ndinkawaposa masamu. Makoma anali a simenti tsopano, zomatira zinali za m'sitolo, koma kudikira kunali komweko. Anyamata onse amene ndinawaphunzitsa ankanena Malamulo Khumi pamakwerero, Asilamu omwe, ndipo onse ankadumpha lachinayi.

A Zakeyo anagwira kwa a Kasamu mpaka maso atafooka. Pa maliro awo ndinapita, ndipo mkazi wawo atandiona anati, "Kodi ndinu a Sitandade aja?" Ndinavomera. Ukalaliki sindinaupeze, ndipo ndikamadutsa pa maofesi mtima umandiwawabe pang'ono. Musayembekeze kuti ndinena kuti zonse zinayenda bwino.

Kapepala kofiira kamene munakapeza m'sutikesi yanga muli ana, n'kumanong'onezana kuti n'kochokera kwa chibwenzi chakale, ndi komweko. Mukadzakatenga mudzakaike kuwindo. Ndipo iwe Esinati, mwana wanga, chaka chatha unamata lamba wa pepala la tinsomba m'chipinda cha mdzukulu wanga ku Area 47, ndipo unandipeza nditakwera pampando, khutu lili pakhoma, ndikugogoda ndi chala. Ndinakumva ukuuza mwamuna wako kukhitchini kuti adadi ayamba kusokonezeka mutu. Mutu wanga uli bwino. Ndinkamvetsera. Munalibe kanthu, ndipo mwana anagona pomwepo.